Mjigo wa mphatso ukathyoka, timakadandaula kwa yani?

Pa sukulu zambiri za kumudzi, mjigo umakhala ndi dzina. Pa simenti yake, kapena pa kachikwangwani kozikidwa pambali, pamalembedwa kuti iyi ndi mphatso yochokera kwa akutiakuti: mpingo wina wa ku Scotland, kabungwe kena ka ku America, kapena achinyamata a kunja amene anasonkherana ndalama n'kubwera kudzagwira ntchito masabata awiri. Chimbudzi cha atsikana nachonso chimakhala ndi dzina lake, lolembedwa bwino ndi penti. Chaka chimalembedwa, mbendera imajambulidwa. Chinthu chimodzi chokha ndiye simudzachipeza pa chikwangwanipo: dzina la munthu amene ahedi akamuone tsiku limene mjigowo udzasiye kutulutsa madzi.

Funso limene ndikufuna tisinkhesinkhe limamveka ngati mwano, makamaka kwa ife amene tinaleredwa kuti munthu akakupatsa kanthu umalandira ndi manja awiri. Funso lake ndi ili: kodi madzi amene mwana amamwa kusukulu, ndi chimbudzi chimene amalowamo, ndi zinthu zoyenera kukhala mphatso? Nanga ngati zili mphatso, tsiku limene zaonongeka timakadandaula kwa yani?

Tiyambe ndi kupereka ulemu pomwe uyenera. Munthu amene wachotsa ndalama m'thumba mwake kuti ana osawadziwa amwe madzi abwino wachita chinthu chabwino, basi. Mu 1972 katswiri wina wa maganizo ozama wa ku Australia, Peter Singer, anapereka chitsanzo chimene chakhudza anthu ambiri opereka. Anati tiyerekeze kuti mukudutsa pa dziwe losazama ndipo mwaona mwana akumira. Kulowa m'madzimo kukudetserani zovala, koma palibe munthu wamutu wake angasiye mwana kufa poopa matope. Mfundo yake inali yakuti kutalika kwa mtunda sikuchepetsa udindowo: mwana wa ku Balaka ndi wofunika chimodzimodzi ndi wa pakhomo pako. Ife izi sizachilendo. Makolo athu ananena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma chitsanzo cha dziwe chili ndi pothera. Mwana womira umamuvuula kamodzi, nkhani yatha, aliyense azipita kwawo. Ludzu silitero. Mwana amene wamwa lero, mawa amvanso ludzu, ndipo m'mimba simudziwa kuti alendo aja anakwera ndege. Madzi ndi chimbudzi zimafunika tsiku lililonse la teremu, chaka ndi chaka, kwa ana amene alipo ndi amene sanabadwe. Mtima wachifundo umayaka msanga ngati moto wa mapesi. Ntchito ya madzi imafuna moto wa chikuni.

Kuti tisaoneke ngati tikungosewera ndi maganizo, tikumbutsane zimene zinachitika posachedwapa. Mliri wa kolera umene unalengezedwa pa 3 Malichi 2022 unayambira kuno kwathu konkuno: wodwala woyamba kutsimikizidwa anali bambo wa m'boma la Balaka amene anakalandira chithandizo pa chipatala cha Machinga ku Liwonde. Pomwe mliriwo unkazizira mu 2023, unali utafika m'maboma onse a dziko lino, utagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha opitirira 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Kolera safuna zambiri kuti afale: chimbudzi chodzadza, ntchentche, manja osasamba ndi kapu imodzi yomwera onse. Ndiye tikamakamba za mjigo wa pasukulu tikukamba za moyo wa mwana weniweni.

Nkaya ndi malo abwino oganizirapo nkhaniyi. Ndi dera lotentha, la milambe ndi thonje, kumwera kwa tauni ya Balaka, m'boma limene mpaka 1998 linali mbali ya Machinga. Mvula imavuta, mijigo ina imatulutsa madzi amchere, ndipo chilimwe chikafika pachimake anthu ena amafukula mchenga wa mumtsinje kuti apeze madzi. Koma panonso ndi pamphambano ya njanji. Yochokera ku Blantyre kulowera ku Salima imakumana pano ndi yopita ku Liwonde, Nayuchi mpaka ku doko la Nacala, komanso ndi yatsopano imene kampani ya Vale inamanga kuchokera ku migodi ya Moatize kudzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno. Sitima za malasha zokoka mabogi opitirira 100 zimadutsa pano kupita kunyanja.

Njanji ya malashayo ili ndi anthu olembedwa ntchito yoiyendera, ili ndi ndalama zoikidwa padera zokonzera, ndipo pakachitika vuto pali wina amene foni yake imalira usiku. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: sitima ikaima, pali mwini wake amene akutaya ndalama ola lililonse. Taonani mbali ina ya njanji ya dziko lomweli imene inalibe womva kuwawa chotero. Madzi atakokolola njanji pa Chiromo mu 1997, sitima sizinadutsenso kupita ku Bangula ndi Nsanje kwa zaka zoposa 20. Chitsulo chake ndi chimodzimodzi, akatswiri ake ndi omwewo. Kusiyana kuli pa amene akumva kuwawa ndi mphamvu zimene ali nazo. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto la pasukulu n'lakuti amene wamva m'mimba ndi mwana wa sitandade 2, ndipo kiyi wa chitsekocho alibe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mjigo sufa imfa yaikulu. Mtundu umene uli m'midzi yathu yambiri, wa Afridev, unachokera pa ntchito imene inayambira m'Malawi mommuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, n'kukamalizidwa ku Kenya. Anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha: sipanala imodzi, anthu awiri kapena atatu ozula ndodo zachitsulo zija, basi. Zimene zimatha msanga ndi timalabala ta pansi pa mpope ndi mabushi a pulasitiki a pa chogwirira, tinthu totchipa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni okumbira. Mukazisintha pa nthawi yake mjigo umakhala zaka. Mukazisiya, chogwirira chimayamba kugwedera, chitsulo chimadya chitsulo chinzake, mapaipi amang'ambika, ndipo kavuto ka ndalama ya thumba la shuga kamasanduka vuto lofuna galimoto yochokera ku boma. Akatswiri a ku Yunivesite ya Malawi ndi anzawo a ku Britain atayendera mijigo 200 m'maboma 5, kuphatikizapo Balaka ndi Machinga, anapeza kuti pafupifupi umodzi mwa inayi iliyonse sunkatulutsa madzi pa tsiku limene anafika.

Apa ndiye pali msampha wa ndalama za anthu odzipereka. Munthu amene akusonkhetsa ndalama pa Facebook amafuna chithunzi chimene chingakhudze mtima: makina okumba, madzi akuthovoka, ana akuvina. Kalabala kakuda sikajambulika. Sopo wa pa mpondagiya sajambulika. Kupopa chimbudzi chodzadza, kapena kukumba china chakale chisanagwe ndi mvula, palibe angakuike pa kalendala. Choncho ndalama zimathamangira chatsopano, chakale n'kumafa pang'onopang'ono. Si zachilendo kupeza sukulu imene ili ndi mijigo iwiri yakufa ndi wachitatu watsopano, uliwonse ndi chikwangwani chake.

Chitsanzo chodziwika dziko lonse ndi cha PlayPump, mpope wooneka ngati katungwe wozungulira, woti ana akamasewera madzi azikwera mu thanki. Maganizo ake anali okoma kumva: ana akusangalala, madzi akutuluka. Mu 2006 Laura Bush, mkazi wa mtsogoleri wa America panthawiyo, analengeza thandizo la madola 16.4 miliyoni, ndipo mipopeyi inafika ku South Africa, Mozambique, Zambia ndi kuno ku Malawi. Zotsatira zake? Ana ankatopa nako kuzungulirako, ndiye amayi akuluakulu ndi amene ankakankha katungweyo kuti atunge. Mtengo wake unali wokwera kangapo kuposa mjigo wamba, ndipo ukaonongeka anthu a m'mudzi sankatha kuukonza okha. M'malo ena anachita kuchotsa mjigo wabwinobwino kuti aikepo katungweyo. Pofika 2010 bungwe limene linkautsatsa ku America linatseka. Anthu amene anapereka ndalama zawo sanali oipa mtima. Chimene chinasowa ndi njira yoti mayi wotunga madzi uja anene kuti ichi sitikuchifuna, wina n'kumumvera.

Pamenepa ndi pamene mphatso imasiyanira ndi ufulu. Mphatso ili ndi malamulo ake amene tonse timawadziwa: suifunsa mtengo, suitchula chilema, ndipo ikatha subwerera kukafunsa ina. Wopereka akasiya, palibe mlandu. Ufulu uli ndi keyala. Pali khomo loti ukagogode, pali munthu amene ayenera kuyankha, ndipo ukadandaula palibe angakunene kuti ndiwe wosayamika. Pa 28 Julayi 2010 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense. Gawo 30 la malamulo oyendetsera dziko lino limalamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana wopeza zinthu zofunika pa moyo, maphunziro ndi chithandizo cha zaumoyo. Ndipo boma litachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana n'kuchuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, linasenzanso udindo wa zonse zimene ana amenewo angafune akakhala pasukulu. Amene waitana ana kuti akhale pamalo kuyambira m'mawa mpaka masana ndiye ayenera kuganiza kumene akamwe ndi kumene akadzithandize. Walira mvula walira matope.

Ufulu ukasanduka mphatso pamaonongeka zinthu zingapo mwakachetechete. Choyamba, madzi amakhala ngati mphoto ya mpikisano wamwayi. Sukulu imene ili pafupi ndi msewu, kapena imene ahedi ake amadziwa kulemba kalata yokoma m'Chingerezi, kapena imene inayenderedwapo ndi mlendo wamtima wofewa, imapeza. Ya kuseri kwa dambo, kumene galimoto siifika nthawi ya dzinja, imadikira. Mwana wa kumeneko analakwa chiyani? Chachiwiri, amene ali ndi udindo amapuma. Pa mwambo wopereka mjigo amabwera, amadula kansalu, amathokoza abwenzi athu akufuna kwabwino, ndipo ife timaombera m'manja, kuiwala kuti pali thumba la CDF, pali bajeti ya khonsolo, pali ofesi ya zamadzi ndi ya zamaphunziro pa boma. Chachitatu ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Mwana amene wakula akuwerenga zikwangwani zija amaphunzira phunziro limene silili pa silabasi: kuti zinthu zabwino zimachokera kutali, ndipo ntchito yake iye ndi kuimba nyimbo yolandira alendo.

Ena akamva izi amatembenuza mlandu. Amati vuto ndi anthu akumudzi, azolowera kulandira, sasamala chinthu chimene sanachivutikire. Mawuwa amanenedwa kawirikawiri ndi anthu amene madzi awo amatuluka pa mpope wa m'bafa, amene sanaitanidwepo ku msonkhano wa komiti yokonza paipi ya Water Board. Mbiri yathu ikutsutsa zoti ndife aulesi. Mu 1968 anthu a ku Chingale m'boma la Zomba anakumba okha ngalande zoyalamo mapaipi otsitsa madzi kuchokera kuphiri, boma n'kupereka mapaipi ndi alangizi. Ntchitoyo inafalikira ku Mulanje ndi madera ena, ndipo mayiko ena ankabwera kudzaphunzira. Inkayenda chifukwa mbali zonse ziwiri zinali ndi gawo lake: mudzi unkakumba ndi kukonza zing'onozing'ono, boma linkayendera ndi kusenza zikuluzikulu. Dzanja la boma litayamba kufooka, mipope yambiri inauma. Nafenso a ku Balaka tinaona mu 2018 damu la Mpira ku Ntcheu litaphwa, mipope ya m'tauni ndi m'midzi n'kukhala chete kwa miyezi. Palibe komiti ya m'mudzi ikanatha kuletsa zimenezo payokha.

Tisamalenso ndi mawu oti anthu a m'dera aikepo gawo lawo. Makolo amaumba njerwa, amatuta mchenga, amaphwanya miyala, ndipo zimenezo n'zabwino ngati anakhala nawo pa bwalo pamene ntchitoyo inkakonzedwa. Tikumbukire kuti mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana. Pa minda ya atsamunda, monga ya ku Magomero, anasanduka ntchito yokakamiza, imodzi mwa nkhanza zimene John Chilembwe anaukira mu 1915. Sindikufanizira odzipereka a lero ndi eni minda aja, ayi. Ndikungoti mawu oti kuthandiza amatha kubisa funso lakuti walamula ndani. Ngati mayi watuta mchenga koma sanafunsidwe kuti chimbudzi cha mwana wake wamkazi chiyang'ane kuti, chikhale ndi chitseko chotani, mukhale madzi ndi malo osinthira akakhala kumwezi, ndiye kuti wagwira ganyu yaulere pa ntchito ya eni ake. Tisadabwe akamadzati chimbudzi cha azungu chija chagwa.

Ndiye titani, tikane thandizo? Ayi ndithu. Kukana madzi lero pofuna kuphunzitsa boma phunziro ndi kulanga mwana pa mlandu wa akulu. Mtsikana wa sitandade 7 amene amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa pasukulu palibe pobisala sangadikire kuti ndale zathu zikhwime. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko tikufuna. Koma paja mlendo ndi mame. Chimene ndikunena n'chakuti mphatso yabwino ndi imene imasiya munthu woyankha m'mbuyo mwake. Muyeso wa thandizo ndi zimene zikuchitika pasukulupo patatha zaka 5, Lachitatu wamba, popanda kamera.

Nkhaniyi tsopano yatifika ifeyo pakhomo, chifukwa odzipereka a masiku ano si azungu okha. Ndi ife a m'magulu a WhatsApp a ophunzira akale, amene timaponya kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndi achimwene athu a ku Joni ndi azakhali a ku Leeds. Nafenso timakonda chithunzi. Nafenso timafuna dzina la gulu lathu lilembedwe pa khoma, tivale malaya ofanana, tiike pa sitetasi. Msampha uja sufunsa khungu.

Gulu lanu likafuna kuthandiza sukulu ya kwanu, yambani ndi kufunsa musanalonjeze. Mwina ahedi, komiti ya sukulu ndi amayi a mother group akuuzani kuti mjigo ulipo kale, chimene chikusowa ndi mabushi ndi ndodo ziwiri. Kukonza wakale kulibe ulemerero, koma ndalama yokumbira umodzi watsopano ikhoza kudzutsa akufa angapo. Ngati kukumba kuli kofunikadi, dzerani ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo kuti mjigowo ulowe m'kaundula wawo, madzi ake ayezedwe, ndipo makaniko wa m'deralo adziwike ndi dzina. Gawani ndalamazo pawiri: ina yomangira, ina yosamalira kwa zaka zingapo, ndipo mugwirizane polemba kuti sopo azigula ndani, thumba la mjigo azisunga ndani, mudzi woyandikana nawo ukamatunga pomwepo uzisonkha zingati. Kenaka chitani chimene anthu a kunja sangathe: ndinu nzika, muli ndi voti. Pitani kwa khansala ndi phungu, funsani kuti mu bajeti ya chaka chino zimbudzi za sukulu zapatsidwa zingati, ndipo yankho lake muliike pa gulu lomwe lija mumaikapo zithunzi. Mlendo akafunsa zimenezi amati akulowerera. Inu mukafunsa ndi udindo wanu.

Pali amene angati kuchita zonsezi kukuchotsa kukoma kwa kupereka, kuti chifundo chasanduka mapepala ndi misonkhano. Mwina n'zoona pang'ono. Koma umunthu umene timaunyadira sunali wa tsiku limodzi. Kumudzi, munthu amene wabwera pa maliro n'kulira mokweza timamuyamika, koma amene timamukumbukira ndi uja amabweranso patatha mwezi kudzaona ngati ana amasiye ali ndi ufa. Kupatsa ndi kuika, anatero akale, ndipo choika umabwerera kukachiona.

Mwana aziti zikomo, ndi khalidwe labwino, tisamuletse. Koma ife akuluakulu tisalole kuti zikomo wakeyo atseke pakamwa pathu. Kapu ya madzi abwino pasukulu ndi ngongole imene dziko lili nayo kwa mwana aliyense amene linamuitana kudzaphunzira, ndipo amene wathandiza kubweza ngongoleyo wachita bwino koposa akasiya mwanayo akudziwa khomo loti akagogode. Ngati muli ndi nambala ya mphunzitsi aliyense wa pa sukulu imene munaphunzira, muimbireni sabata ino. Musayambe ndi kufunsa kuti tikumangireni chiyani. Mufunseni ngati mjigo ukutuluka madzi, kuti timalabala anasintha liti, ndiponso kuti sipanala ija ili ndi yani.